Kuda Kwanga

Fumbi la ku Moatize silipempha malo.
Limatsika m'mathiraki a malasha, limakwera nafe chapa,
likafika pankhope limayala mphasa n'kugona.
Ine Ermelinda wa ku Domwe,
amene masaya anga anakulira m'chisanu cha Angonia
pakati pa mizere ya kachewere,
chaka chimodzi chokha cholemba manambala pasikelo ya mathiraki
chipumi chonse chinamera.
Madalaivala ankaseka pawindo:
"Mlongo, ziphuphu mumakana zija
zatulukira pankhope."

Loweruka la malipiro ndinawoloka mlatho,
Zambezi ali phee pansi ngati sakumva kutentha,
mpaka mumzinda, kufamasi ya Dona Rozita.
Mabotolo atatu pashelefu.
Lobiriwira, lofatsa, ati ngakhale mwana wasukulu.
Lina lonunkhira ndimu.
Lachitatu loyera mbee, lopanda duwa,
lopanda chithunzi cha mkazi womwetulira,
nambala yokha ndi liwu limodzi: asidi.
Ndinaloza lomwelo.
Kwathu mankhwala akapanda kuwawa timati ndi madzi.

Dona Rozita sanalitaye msanga m'manja mwake.
"Uyambire kuseri kwa khutu, kadontho, udikire mawa.
Kawiri pamlungu, usiku wokha.
Uwerenge mpaka makumi atatu, utsuke.
Maso ndi milomo uzilambalale.
Nanga dzuwa la kuno, ndikuuze ndine?"
Ndinati inde, inde, inde,
monga timayankhira bwana, mtima uli pa chapa yomaliza.
Metikali mazana asanu ndi atatu.
Nsapato za Jeremiasi zidikire mwezi wamawa.

Kuseri kwa khutu sindinapiteko.
Usiku woyamba linathethetsa, ndinati lagwira.
M'mawa ndinabwereza.
Madzulo ndinawerenga mpaka zana,
ndikukhula ndi kansalu ngati ndikukwecha poto wopserera,
chifukwa ukwati wa Anastasiya unali utatsala milungu itatu
ndipo wojambula sachitira munthu chifundo.

Lachinayi dzuwa linandipeza pasikelo.
Silinandimenye, linangondikhudza,
koma ndinamva ngati ndasenda tsabola n'kupukuta nkhope.
Thukuta lenilenilo linasanduka mdani.
Lachisanu khungu linayamba kufundula,
mphuno, chibwano, m'mbali mwa kamwa,
tizidutswa totuwa tikugwera pabuku la manambala.
Ndinafunda kapulana mpaka m'maso.
Mayi wogulitsa malambe pageti anandiyang'ana chammbali:
"Nawenso wayamba zofuna kuyera?"

Ayi, mayi.
Pali kuda kwa malasha, pali kuda kwanga.
Ndimafuna kuchotsa koyambako
kuti kwachiwiriko kupume.
Koma asidi alibe maso,
sadziwa pothera fumbi ndi poyambira munthu.
Wodziwa malirewo ndinayenera kukhala ine.

Ndinabwerera kufamasi ndi manyazi anga.
Dona Rozita anangovala magalasi, anatembenuza chibwano changa uku ndi uku.
"Botolo ulitsekere m'sutikesi.
Madzi ozizira, mafuta opanda fungo, chipewa.
Ukachira tidzayambira pomwe unadumpha."

Paukwati ndinaima mzere wakumbuyo,
pafupi ndi amalume aatali aja.
Pachithunzi ndikuoneka chipumi chokha, chonyezimira mafuta,
koma ndikuseka, mano akuchitira umboni.

Tsopano ndi mwezi wachitatu.
Lachiwiri ndi Loweruka, thiraki lomaliza likadutsa,
ndimadontheza kamodzi pachikhato,
kadontho kosaposa njere ya mapira.
Ndimawerenga chapansipansi,
Jeremiasi amawerenga nane ali pamphasa,
amadumpha dala khumi ndi zisanu ndi ziwiri
kuti aone ngati ndikumvetsera.
Pa makumi atatu ndimatsuka.

Ziphuphu zina zapita, zina zakana,
ziwiri zimabwera mwezi ndi mwezi ngati obwereketsa ndalama.
Fumbi likadali pawindo, mawa lidzalowanso.
Botolo silinafike ndi pakati pomwe.
Ndikaligwedeza limalira ngati lodzaza,
ndipo ndimalibweza pamwamba pa kabati,
kumene mwana sangafikire,
kumene nanenso ndimayamba ndakoka mpando.